Cholembera Chakuda cha Mayi Fenwick

Inu amene akukanani mpaka mwatopa, tamvani za Clive Brennock.

Tsitsi litayamba kale imvi, Clive ankatumbula nsomba padoko la Grimsby, zala zitachita dzanzi ndi chisanu. Anzake ankamutcha Bwana Chete. Sankadziwa kuti munthuyu anali kazitape wa boma, ndipo anamuchotsa ntchito atamusenzetsa mlandu wa ena.

Koma chomwe chinkamudya mtima si ntchito ayi. Anali Hazel, mwana wake mmodzi yekhayo. Tsiku lomwe mayi a mtsikanayu ankaikidwa m'manda, Clive kunalibe. Atatulukira patapita mwezi, Hazel anangofunsa kuti, "Munali kuti, adadi?"

Koma Clive anali atalumbira kale kuti za ntchito sadzaulula mpaka kufa. Hazel ananyamula chikwama chake, ndipo sanabwerenso.

Ndiye Clive anaganiza zomuyankha kudzera m'buku. Koma aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi, buku lake limayamba lawerengedwa ku ofesi ya akazitape kuti achotsemo zinsinsi za boma. Wowerenga wake anali Mayi Fenwick, mzimayi wa magalasi okhuthala, wosaseka ndi munthu.

Mapepala anabwerako ali bii! Mayina, misewu, masiku, zonse zopakidwa inki yakuda.

"Mayi, mwandisiyira chiyani apa?" anadandaula Clive. "Mawu oti mvula inkagwa basi?"

"Mvulayonso yapulumuka mwamwayi," anatero Mayi Fenwick. "Chilichonse choona ndidula, a Brennock. Imwani tiyiyo, akuzizira."

Clive anasintha mayina n'kutumizanso. Mayi Fenwick anadula. Anasintha mizinda. Anadulanso. Kudoko nkhani inamveka, ndipo anzake sanamusiye.

"Bwana Chete, mapepala anu aja tipatseni tizikulungira tchipisi!"

Abale, zinkapweteka. Zaka zinkapita, mwana ali zii. Wina akanaponya makina ake olembera m'nyanja, koma Clive anali wa makani oopsa.

Tsiku lina akunola mpeni, anadzifunsa kuti: ngati mayi aja amadula zoona zokha, nanga ndikapeka? Anayambiranso pachiyambi. Anapeka mzinda woti kulibe, ndi kazitape woti sanabadwepo. Chimodzi chokha sanapeke: mtima wa bambo amene wabisala m'kachipinda kudziko la eni, akuteteza munthu wothawa. Bamboyo wamva kuti mkazi wake wamwalira, koma sangatuluke, chifukwa akangotsegula chitseko, wothawa uja aphedwa.

Ulendo uno Mayi Fenwick anachita kumuitanitsa. Mapepala anali oyera, cholembera chawo chakuda chili poteropo, chotseka.

"Ndafufuza paliponse," anatero. "Chinsinsi cha boma mulibe. Chisoni cha munthu si katundu wathu." Anavula magalasi, maso ali psuu. "Koma tandiuzani, mwana wa bambo uja adzamukhululukira?"

"Zimenezo sindikudziwa, mayi."

Buku linatuluka, ndipo linayenda malonda mosayembekezeka. Anthu ankaliwerenga m'sitima mpaka kupitirira potsikira. Analimasulira m'zinenero zambiri. Anzake a kudoko aja anabwera nalo m'manja monunkha nsomba, aliyense akuti, "Ine ndinkadziwa kale kuti mkuluyu ndi mutu!"

Clive ankamwetulira, koma amene anamulembera bukulo anali asanayankhe.

Masana ena ku London, akusainira anthu mabuku m'sitolo, mzimayi wina wogwira kamtsikana padzanja anaika buku patebulo.

"Ndilembe dzina loti chiyani?" anafunsa Clive, osadzutsa mutu.

"Lembani Hazel."

Cholembera chinagwa pansi.

"Adadi, m'kachipinda muja munkazizira kwambiri?"

Clive anadzutsa mutu. Lumbiro lija linali lidakalipo. "Ndi nkhani yopeka, mwanangu."

"Ndikudziwa," anatero Hazel, misozi ili mbwembwembwe, atagwira dzanja la bambo ake la zipsera za mpeni. "Malizani tizipita kunyumba. Mdzukulu wanuyu akufuna kuwadziwa agogo ake."

Mzere wonse wa ofuna kusainiridwa unadikira, ndipo palibe amene anadandaula.

Inu amene ntchito yanu imabwerako yakuda bii, mverani bwino chomwe akukana, mufune njira ina, muyambirenso. Clive akanasiya, Hazel akanakalamba akuganiza kuti bambo ake analibe nawo ntchito maliro aja. Musataye mtima. Alipo amene akudikira zomwe muli nazo.