Tsiku Limene Chombo Chinatera Komaliza

Amuna anga sanapitepo kumwamba, ngakhale kwathu ku Ntcheu anthu ankakhulupirira kuti amapitako. Apongozi anga akaimba foni ankandifunsa motsitsa mawu, "Kodi mwezi uno ali pansi?" Ine ndinkawayankha kuti ali pansi ndithu, akudya bwino, ndipo angochoka kumene kupita kuntchito pagalimoto.

Zoona zake n'zakuti anali injiniya pakampani ina kumadzulo kwa Toronto. Kampaniyo inkapanga mkono wachitsulo wa chombo chonyamula anthu kupita mumlengalenga, chija chooneka ngati ndege yonenepa, chonyamuka choimirira koma chotera ndi matayala. Zombozo zinali za ku America, mkono wokhawo ndiwo unkachokera kuno. Ife tinkakhala m'mafulati a ku Scarborough. Iwo ankadutsa mzinda wonse m'mawa uliwonse, ine ndinkakwera basi kupita kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito.

Zombozo zinalipo zingapo, koma panali chimodzi chimene ankachikonda kuposa zinzake. Chithunzi chake chinali pafiriji pathu, pamwamba pa chithunzi cha ubatizo wa mwana wathu wamkazi, moti nthawi zina ndinkachitchula kuti mkazi mnzanga. Mbiri yake ndinkaidziwa ngati ya m'bale, chifukwa ndinkaimva pa chakudya. Chombo chimenechi ndicho chinanyamula chigalasi chachikulu choonera nyenyezi. Ndicho chinatenga nkhalamba ina ya imvi imene inapitako kale paunyamata wake. Chinkatutanso zipangizo zomangira nyumba yoyandama kumwamba imene akatswiri amakhalamo. Zaka zoyambirira zonsezi zinali zonyaditsa basi. Tikakumana ndi anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia pambuyo pa mapemphero, anthu ankawazungulira ndi mafunso, makamaka loti kumwambako anthu amadzithandiza bwanji.

Zinasintha Loweruka lina m'mawa, nyengo yachisanu. Tinkakonzekera kupita kukagula ufa ndi usipa kusitolo ya anthu a kwathu. Amuna anga anayatsa tivi kuti aone chombo china, chinzake cha chija, chikutera. Anali atavala nsapato imodzi, inayo ili m'manja. Pa tivi panalibe chombo. Panali thambo lowala bwino ndi mizere yoyera yambirimbiri ikutsika pang'onopang'ono.

"Bambo ake, n'chiyani chimenecho?" ndinafunsa.

Anangoyang'anitsitsa tivi. Nditafunsanso anati, "Mzere umayenera kukhala umodzi."

Anthu onse amene anali m'chombomo anafa. Pambuyo pake zinadziwika kuti ponyamuka, kachidutswa ka zokutira thanki ya mafuta kanathothoka n'kumenya phiko. Ali kumwamba panalibe njira yosuzumira kunsi kwa chombo kuti aone bala lake. Pobwerera, moto unalowera pamenepo.

Zombo zonse zinaimitsidwa nthawi yaitali. Kenaka kampani ya amuna anga inapatsidwa ntchito yopanga ndodo yaitali ya makamera kunsonga, yoti mkono uja uziigwira n'kumayendera nayo mapiko ndi mphuno ya chombo asanabwerere pansi. Iwo anali m'gulu limene linapanga ndodoyo. Ndipo chombo choyamba kuuluka pambuyo pa ngoziyo chinali chawo chija cha pafiriji.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa mlendo wosaoneka. Chombo chikakhala kumwamba, amuna anga ankadya ataimirira. Ukawayankhula ankakuyang'ana pakamwa ngati ukuyankhula chinenero china. Tsiku lina ndinawauza kuti ntchitoyo ndi ya anthu miyandamiyanda, asaisenze okha ngati mtolo wa nkhuni. Anandiyankha modekha, "Mayi ake, kamera ija ikaphonya mng'alu wonga tsitsi, ana a anthu okwera chombocho adzaloza chala ndani?"

Ine kutera kwa chombo sindinkaonera. Ndikamva kuti ndi tsiku lakuti, ndinkapempha mnzanga kuti tisinthane shifiti, ndizikasambitsa okalamba anga foni nditaikhomera m'kabati. Chimene ndinkayang'anira ine ndi munthu wanga: mtsempha wa pakhosi, mapiritsi a bipi amene ankaiwala, dzanja limene linayamba kunjenjemera akamathira shuga mu tiyi. Pantchito yanga ndinali nditaona mmene thupi limaperekera zizindikiro, ndipo zonse ndinkaziona patebulo langa lomwe.

Zitamveka kuti zombo zija zakalamba, zipumitsidwa, ine mumtima ndinati Mulungu wamva. Chombo chawo chinatsala ndi ulendo umodzi wokha. Koma ulendo umenewo unavuta kuposa onse. Chinayenera kunyamuka masamba akuyoyoka m'mitengo, ndiye anapeza kuti mpweya wa mafuta ukudontha. Atakonza apo, anapeza ming'alu pathanki. Tsiku linasunthidwa, linasunthidwanso. Khirisimasi inadutsa chili pansi. Nyengo yonse yachisanu amuna anga ankabowola lamba wawo mabowo atsopano.

"Zinthu zimakonda kuonongeka pomaliza," ankatero. "Munthu amagwa ataona kale denga la kwawo."

Chinanyamuka chisanu chikupita kumapeto. Ndodo yawo inayendera mapiko, zithunzi zinabwera, akatswiri anati zonse zili bwino. Ine ndinati tsopano apuma. Sanapume. Kutatsala masiku ochepa kuti chitere, m'mawa wina anatsika kukachotsa sinowo, chipale chofewa chija, pagalimoto. Ndinali pawindo ndikumanga mpango. Ndinaona atasiya kupala, atatsamira chitseko cha galimoto, kenaka n'kukhala pansi pa sinowo, pang'onopang'ono, ngati munthu amene akufuna kuona chinachake kunsi kwa tayala. Lifiti inachedwa, ndinatsika pamasitepe ndi masilipasi. Ndinawapeza nkhope itatuwa, thukuta lili chuchuchu pa kuzizira konse kuja.

"Ndi chilungulira chabe," anatero.

"Khalani chete," ndinawauza, uku ndikuimbira ambulansi.

Unali mtima. Kuchipatala anawalowetsa kawaya kotsegula mtsempha umene unatsekeka. Dokotala anati tafika nthawi yabwino, koma analamula kuti za kuntchito zonse ziime, foni ayi, kompyuta ayi.

Tsiku lotera linali Lachitatu la Phulusa. Ndinayamba ndapita ku Misa ya m'mawa, ndipo ndinafika kuwodi phulusa lili pamphumi. Ndinawapeza akukangana ndi nesi. Mwana wathu, pobweretsa zovala dzulo lake, anali atawabisira laputopu m'chikwama, ndipo nesiyo anali ataigwira. Anali mayi wa ku Chipata, wa msinkhu wanga, amene tinadziwana naye tsiku loyamba atatimva tikuyankhula chinenero chathu.

"Iyayi atate, ivi sivingachitike," ankatero nesiyo. "Onani makina aya. Mwangokamba chabe za chombo, bipi yakwera kale."

"Chemwali, ndapota nanu," anatero amuna anga. "Zaka zonsezi ndakhala nacho. Ndi lero lokha."

"Mukakomoka apa, dokota azafunsa ine."

Anatembenukira kwa ine kuti ndiwathandize. Ndinayang'ana makina amene ankalemba kugunda kwa mtima wawo, ndipo ndinaona kuti kuwaletsa n'koopsa, kuwalola n'koopsanso. Nesiyo ndi amene anapeza njira. Anandipatsa laputopu ija n'kunena kuti, "Amai, imwe yendani mukaonere ku malo odikirira. Muzibwera kuwauza."

Ndinafuna kukana. Zaka zonse ndinkathawa chinthu chimenechi. Koma amuna anga anali atayamba kale kundilangiza, ngati akutuma munthu kumsika. Anati chombocho chikayamba kutsika sichingabwererenso, chilibe injini yoti chikaphonya bwalo chizungulire n'kuyesanso. Anati chikalowa mumpweya wa dziko chimayaka moto kunja konse. "Musavutike ndi manambala. Muzingomvetsera mawu. Akamayankhula, ndiye kuti ali moyo."

Malo odikirira anali kumapeto kwa khonde lalitali. Munali bambo wina wachikulire wa nduwira kumutu, amene ankadikira akazi ake, ndi mtsikana wina woyembekezera. Ndinaika laputopu pamiyendo. Poyamba panangooneka mapu a dziko, kadontho kakuyenda pamwamba pa nyanja yaikulu, ndi chipinda chodzaza anthu okhala pamakompyuta. Ndinapita kukawauza amuna anga kuti kadontho kali panyanja.

"Akuyankhula?"

"Akuyankhula."

"Bwererani msanga."

Nditabwerera, bambo a nduwira aja anali atasendera pafupi. Ndinawafotokozera mwachidule, ndipo anagwedeza mutu ngati nkhani ya mtundu umenewu amaimva tsiku ndi tsiku. Wolengeza wa pa laputopupo anati chombo chafika potentha kwambiri. Kenaka kunangoti zii. Anthu a m'chipinda chija anali duu, aliyense maso pa kompyuta yake. Kadontho kankayendabe, koma ndani akanandiuza kuti kadonthoko ndi chombo chathunthu kapena ndi zidutswa? Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto. Munkangomveka kusokosera ngati mvula ya patali.

Mwina inali nthawi yochepa. Ndinaganiza za akazi a anthu a m'chombo aja ataima pabwalo la ndege ndi ana awo, atawapesa bwino. Ndinaganiza za mawu amene ndikanakalowa nawo m'chipinda muja. Ndinaimirira, ndinayenda khonde lonse mpaka pachitseko cha amuna anga. Kudzera pagalasi ndinawaona atatseka maso, manja onse agwira zitsulo za bedi. Ndinadziwa kuti akangoona nkhope yanga awerenga zonse. Sindinalowe. Ndinabwerera chothamanga.

Mtsikana woyembekezera uja anandikodola ndi dzanja ndisanafike. "Ayankhula!" anatero m'Chingelezi. "Wina wayankhula!"

Anali mawu a mwamuna, odekha ngati akufunsa mtengo wa tomato. Sindinamve zimene ananena, ndipo ndinalibe nazo ntchito.

Posakhalitsa kamera inapeza kanthu koyera pathambo, kakunjenjemera. Kanali kamodzi. Kanakula, kanamera mapiko, kanapendekeka n'kuzungulira. Chinkatsika mphuno italoza pansi kwambiri moti bambo a nduwira anayamba kupemphera m'chinenero chawo, ine m'changa. Pafupi penipeni ndi pansi chinadzutsa mphuno, matayala anatuluka, utsi unati fuu, ndipo kumbuyo kunatambasuka chiambulera chochepetsa liwiro. Chinayenda, chinayenda, n'kuima.

Ndinachiona bwino koyamba tsiku limenelo. Sichinali choyera ngati cha pafiriji. Chinali chothimbirira, cha mawanga, chowauka m'mbali ngati mphika wakale.

Ndinabwerera kuwodi. Nesi uja anali ataima pafupi ndi bedi ngati akukonza botolo la diripi.

"Chatera," ndinatero.

Amuna anga sanatsegule maso. "Matayala aima?"

"Aima."

"Anthu atuluka?"

"Sindinaone."

"Pitani mukaone, mayi ake. Chonde."

Ndinapitanso. Panatenga nthawi yaitali, magalimoto akuzungulira chombocho, anthu ovala zodzitetezera akuchinunkhiza ndi makina. Bambo a nduwira anaitanidwa kwa akazi awo, mtsikana uja nayenso analowa kwa dokotala. Ndinatsala ndekha mpaka ndinaona anthu a m'chombo aja akutuluka m'galimoto ina imene inakawatenga pachombopo, atavala zabuluu, akuyenda modzandira ngati odwala amene angodzuka kumene. Ndinawawerenga ndi chala pagalasi. Anali asanu ndi mmodzi. Mmodzi anapita kunsi kwa chombo n'kuchisisita.

Nditawauza zimenezo, amuna anga anasiya zitsulo za bedi. M'zikhatho mwawo munali mizere. Analira mwakachetechete, misozi ikulowa m'makutu, ndipo nesi anatuluka n'kutitsekera katani. Kenaka anagona tulo masanasana, pakamwa pali yasa, osadzuka ngakhale chakudya chitabwera. Ine ndi amene sindinathe kukhazikika. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika mpaka madzulo.

Zombo zinazo zinamalizanso maulendo awo chaka chomwecho, iwo ali kunyumba akuchira. Chawo chija anakachiika m'nyumba yoonetseramo zinthu zakale ku America. Mwana wathu wakhala akunena kuti atiyendetse pagalimoto tikachione, koma bambo ake amangoti chisiyeni chipume. Atabwerera kuntchito anawasamutsira ku gulu lopanga makina othandiza madokotala pa opaleshoni, ndipo anagwira kumeneko mpaka nawonso anapuma.

Tsiku lotuluka m'chipatala anawaletsa kuyendetsa galimoto, choncho ndinayendetsa ine, iwo atakhala kumbali koyamba chikwatiraneni. Msewu unali wa matope a sinowo wosungunuka. Sitinapite patali asanayambe.

"Mwayandikira kwambiri basi imeneyo."

"Ndaiona."

"Lowani mzere wakumanja, tikhota posachedwa. Mwayatsa indiketa?"

"Bambo ake," ndinatero, "mwatuluka m'chipatala lero. Mukufuna ndikubwezeni?"

Anaseka, akugwira pachifuwa chifukwa kuseka kunkawapweteka. Anakhala chete mpaka pamaloboti achiwiri.