Tsiku limene Enelesi ananyamula mwana

Loweruka lapitali ndinapita kukaona mwana wobadwa kumene kwa anansi athu, kuseri kwa Chalimbana. Mwanayo ali bwinobwino, wonenepa, tsitsi lakuda bii. Koma ine ndinabwerako mutu ukulemera ngati ndachokera kumaliro.

Mwambo wake mukuudziwa. Amayi timakhala pamphasa titatambalala, aliyense atatula kasopo kapena kachitenje kake. Kenaka mwana amayamba ulendo, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Wina akuti mphunoyi ndi ya atate ake, wina akuti ayi, makutuwa ndi akuchikazi. Mabodza okhaokha, poti khanda limafanana ndi khanda linzake, koma ndi mabodza okoma.

Pambali panga panakhala Enelesi, azakhali ake a mwanayo, mlongo wake wa Yotamu amene ndi bambo wa khandalo. Enelesi ndi munthu wamkulu, imvi zayamba kuoneka. Ali ndi khunyu kuyambira utsikana wake. Amamwa mankhwala akuchipatala osadumphitsa, ndipo ine sindikumbukiranso chaka chimene anagwa komaliza. Amalima dimba lake la tomato, amasenza yekha kukagulitsa kumsewu. Koma mukafunsa m'mudzi muno kuti Enelesi amakhala pati, anthu amayamba akanda m'mutu. Nenani kuti "uja wakugwa", ngakhale mwana wa giredi yoyamba akulozerani khomo.

Kwathu kuno mayi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Enelesi ndiye chisamba m'banja mwawo, koma mayi ake aliyense amawatchula kuti Amake Yotamu. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula zimenezi. Zinangochitika, ndipo tonse tinazolowera.

Mwana atafika kwa ine, ndinamuyamikira monga mwa lamulo, ndinanamanso zanga za mphuno. Kenaka ndinatembenukira kwa Enelesi. Iye anali atabisa kale manja m'chitenje.

"Iyayi ba Ticha, pitisani chabe kusogolo," anatero monong'ona. "Ine sininyamula bana."

"Anakuletsa ndani?" ndinafunsa.

Anangoyang'ana mayi ake, amene anali pakhomo akutsokomola chifuwa chimene analibe.

Apa Mailesi, mayi wa khandalo, mtsikana wamng'ono wosaopa zambiri, analankhula ali pamatiresi pake. "Bapaseni ba mulamu. Si beve banaluka kachisote kamene avala?"

Ndinamuika mwana uja pamiyendo pa Enelesi. Iye anatulutsa manja pang'onopang'ono, n'kumufungatira mosadziwa, mutu wa mwana uli pachigongono pomwe. Mwanayo anayasamula, n'kugwira chala cha azakhali ake. Ndiye mapewa a Enelesi anayamba kunjenjemera.

"Wayamba! Wayamba!" anakuwa mayi wina.

Abale, amayi akuluakulu amene amadandaula mawondo kutchalitchi sabata ndi sabata analumpha ngati atsikana. Ena anathawira panja atatseka mphuno ndi chitenje. Amake Yotamu anamutsomphola mwana uja mwamphamvu moti khandalo ndilo linalira tsopano.

Enelesi anatsala pamphasa, manja ali chitambasulire, misozi ili chuchuchu.

"Sininagwe, amai," anatero. "Nenze kulila chabe."

Ndatopa nazo, owerenga anga. Ndakalamba ndikuphunzitsa ana kuti khunyu sapatsirana. Simungalitenge m'malovu, simungalitenge pakapu, ngakhale mu mpweya umene munthu watulutsa atagwa. Anamwino amanena zomwezo, ansembe alalikirapo. Tonse timagwedeza mitu, "zoona, zoona", tikafika kunyumba n'kumusungira munthu kapu yakeyake kuseri kwa ndowa.

Mwina mukuti, nanga akanagwa naye mwanayo? Funso labwino. Koma munthu anali khale pamphasa, pakati pa amayi odzaza nyumba. Akanagwera kuti? Ndipo amene anathawira panja atagwira mphuno aja ankateteza mwana uti?

Chimene chimanditopetsa kwambiri n'chakuti sitimuda Enelesi. Tikanamuda bwenzi nkhani ili yapafupi. Timamukonda ndithu. Pamaliro timamuuza kuti asayandikire moto, apite akatunge madzi, "tikukuteteza". Pachikwati timamupatsa mpando wakumbuyo kuti pakhale mphepo. Anabwerapo mwamuna womufunsira zaka zammbuyomo, achibale a mwamunayo atamva za matendawa anamubweza, ife n'kumati mwina Mulungu wamupewetsa mavuto. Chilichonse timamulanda mwaulemu, tikumwetulira, mpaka munthu amatithokoza.

Ndipo si Enelesi yekha. Yemwe anatuluka kundende kalekale, akadutsa pakhomo timayamba kuwerenga nkhuku. Mayi amene sanabereke timamuitana pophika, koma pokalangiza namwali timamuiwala. Munthu timamupatsa dzina limodzi, la chinthu chimene chinamupweteka koposa, ndiye tikufuna aziyankha dzina lomwelo mpaka kumanda.

Mapeto ake sitivutikanso n'kumukana. Amadzikana yekha ife tisanatsegule pakamwa. Amabisa manja m'chitenje, amakhala kumapeto kwa mphasa, amabwera ndi kapu yake. Ife n'kumati, "Mwaona? Mwiniwake safuna."

Anthu atabalalika, ine ndi Enelesi tinatengana, poti njira yathu ndi imodzi mpaka pamjigo. Ndinali nditakonza mawu ambiri omulimbitsa mtima, mukudziwa aphunzitsi sitisowa chonena. Ndinamuuza kuti asadandaule, anthu adzaphunzira, Mailesi ali kumbali yake, mawa akhoza kupitanso kukamunyamula mwanayo.

Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha. Kenaka anaima.

"Ba Ticha, niziba munafuna kunichitila vabwino. Koma musakachitenso."

Mtima unandipweteka. Ndinaganiza kuti akunena za manyazi amene anaona pamaso pa anthu, ndipo ndinayamba kupepesa. Paja fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo mphika umene unasweka tsiku limenelo sunali wanga.

"Iyayi, si va nsoni," anandidula. "Nsoni nazijaila, nazizolowela kale. Ni vakuti zaka zonse izi nenze kuona chabe bana mu manja mwa banzanga, sinenze kuziba vamene nisoba. Manje naziba mwamene mwana alemela. Naziba na kafungo ka pamutu pake. Muganiza bazanipasanso?"

Ndinafuna kunena kuti inde. Koma Amake Yotamu ndimawadziwa, mudzi wathu ndimaudziwa, ndipo Mailesi ndi mtengwa chabe pakhomo paja. Enelesi anagwedeza mutu ngati wamva yankho, n'kukhotera kunjira ya kudimba kwake.

Funso lakelo ine landikanika, ndiye ndalibweretsa kwa inu amene muli ndi makanda m'nyumba. Mwana wanu akamayenda m'manja mwa alendo, n'kufika pa Enelesi wa m'mudzi mwanu, mudzamupatsa?