Buku Limene Mayi Kambalame Analidula Mavesi

Amalawi ambiri a ku Glasgow amanena kuti Mayi Ketrina Kambalame anachita mwayi, ati nkhalamba ina ya kuno inawaphunzitsa Chingerezi. Zimenezi si zoona, ndipo amene amazinena sanafufuze. Amangoganiza kuti mzungu ndi Mmalawi akakhala pamodzi, buku lili pakati, mphunzitsi ndi mzunguyo basi. Maganizo otere ndi ulesi, ndipo ndiwatsutsa pofotokoza mmene zinayendera.

Mayi Kambalame anagwira ntchito ya unamwino ku Dedza zaka khumi ndi zinayi. Atafika kuno anauzidwa kuti sangalembedwe m'kaundula wa anamwino asanakhoze mayeso a Chingerezi, choncho anayamba ntchito yosamalira okalamba kunyumba ina ku Maryhill, pafupi ndi ngalande. Mayesowo analemba kawiri, ndipo kawiri konse anagwa pa gawo la kulankhula, pamene woyesa amadziyesa wodwala, namwino n'kumufotokozera matenda ake. Mawu akuluakulu a kuchipatala ankawadziwa, koma akafunsidwa tanthauzo lake ankalephera kulifotokoza mosavuta. Anadziuza kuti akalephera kachitatu azisiya, adzakalamba akuyala mabedi.

M'nyumbamo munkakhala Bambo Keith, amene anayendetsa mabasi zaka makumi atatu, koma tsopano maso anali atachita khungu. Malemu akazi awo anawasiyira buku lochindikala la nthano, lolembedwa zaka zana limodzi ndi theka zapitazo, lomwe bamboyo anali asanalitsegulepo.

"Mayi aja ankalikonda kuposa mmene ankandikondera ine," anatero tsiku lina atamwa tiyi wa masana. "Tandiwerengerani, ndimudziwe amene ankandilanda mkazi."

Mayi Kambalame sanamalize ngakhale ndime yoyamba.

"Taimani kaye, Ketrina. Mawu amenewo ndiye kuti chiyani?"

"Mukufunsa ine, Bambo? Chinenerochi n'chanu."

"Changa n'cha m'basi. Ichi n'cha anthu okwera pamahatchi."

Munthu amene analeredwa mu mpingo wa Chipresibeteriya amadziwa njira imodzi yokha yogonjetsera buku lalikulu, ndiyo kulidula mavesi. Mayi Kambalame anapempha chilolezo, natenga pensulo, n'kuyamba kuika nambala pa chiganizo chilichonse. Mawu ovuta ankawafufuza mu dikishonale ali m'basi, ndipo vesi lonse limene munali mawuwo ankaliloweza monga ankachitira ku Sande sukulu. Mnzawo wa m'kwaya, Mayi Tusekelege, analiona bukulo m'chikwama tsiku Lamulungu, nalitembenuza uku ndi uku.

"Asisi, Baibulo ili ndi la mpingo uti? Ndafunafuna Masalimo, mulibe."

"Ndi la mpingo wa anthu awiri, ndipo wachiwiriyo amatsutsa mlaliki."

Kutsutsako kunali koona. Mayi Kambalame ankafika kuntchito atakonzeka, n'kulengeza kuti mutu wachisanu ndi chiwiri, vesi la khumi, ndipo akafotokoza, Bambo Keith ankapukusa mutu.

"Mwandichotsera mwala umodzi n'kundiikira iwiri. Bwerezani, ngati mukuuza dalaivala."

Mawu ena anawatengera masiku atatu. Tsiku lachitatulo, atatopa, Mayi Kambalame anangoti mawuwo amatanthauza munthu amene amagwadira bwana mpaka mawondo kunyuka, koma wapansi pake amamuponda.

"Bwanji osanena kale?" anatero bamboyo akuseka. "Ameneyo ndikumudziwa, tinali naye kudepoti."

Tsono ndifunse onena za mwayi aja: pa awiriwa, anaphunzitsa mnzake ndani? Bambo Keith sanapereke tanthauzo ngakhale limodzi. Chimene anapereka ndi liuma la munthu wokana kunamizira kuti wamva, ndipo mayiyo anakhala miyezi isanu ndi iwiri akuswa mawu olimba mpaka munthu wamba awameze. Ntchito ya namwino pa bedi la wodwala ndi yomweyo.

Pa mayeso achitatu, woyesa anali mayi wachitsikana amene anadziyesa wodwala wamantha. Atamva dzina lalitali la matenda ake anafunsa kuti limatanthauza chiyani. Mayi Kambalame anamuyang'ana n'kuona dalaivala wa basi. Anafotokoza pang'onopang'ono, ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo atamaliza anafunsa ngati wamva kapena abwereze mwa njira ina.

Zotsatira zitatuluka kuti mayiyo akhoza, Bambo Keith sanayambe ndi kuyamikira.

"Ndiye muchoka muno, mundisiya pa mutu wa makumi anayi, mtsikana wa m'buku uja asanakwatiwe?"

"Ndizibwera Loweruka lililonse, Bambo. Mlaliki sathawa mpingo chifukwa chokwezedwa."

Lachiwiri lapitali ndinatsegula kaundula wa anamwino pa intaneti, ndipo dzina la Ketrina Kambalame lilimo.