Maliro Opanda Nyimbo ku Shawlands

A Japhet Mwalwanda, injiniya wopuma pantchito, analibe anthu ocheza nawo ku Glasgow. Akazi awo anamwalira kalekale, ana anasamukira ku London. Mnzawo anali mmodzi yekha, a Alasdair, mkulu wa komweko amene kale ankawotcherera sitima zapamadzi ku mtsinje wa Clyde.

Loweruka lililonse ankakumana pamalo ena omwera tiyi n'kumabwerekana mabuku a mbiri ya nkhondo. A Alasdair ankakonda za sitima zankhondo. A Japhet ankakalipa kuti olembawo amadziwa dzina la mfuti iliyonse, koma za asilikali a ku Nyasaland amene anakafera ku Burma satchulako n'komwe.

"Werengani kaye ili, mudzandikalipire bwino," anatero a Alasdair tsiku lina, akuwapatsa chibuku chachikulu.

Loweruka lotsatira, mwini malowo anawauza kuti mnzawo uja wamwalira.

A Japhet anavala jekete yakuda, n'kunyamula shuga ndi buku lija, ulendo wa ku Shawlands, dera limene a Alasdair ankakhala, kukakhuza maliro monga amachitira kwawo. Anapeza chitseko chokiya. Panalibe nyimbo, panalibe moto, ngakhale munthu mmodzi wolira. Mayi woyandikana nyumba anawauza kuti mwambo udzachitika pakapita masabata awiri, ndipo ndi wa achibale okhaokha.

"Munthu wamkulu ngati ameneyu, pakhomo pake n'kungoti zii?" anadzifunsa, mtima ukuwawa.

Sanabwerere. Anakhala pamasitepe ozizira a pakhomopo, n'kutsegula bukulo, kuyamba kuwerenga mokweza. Atafika pamene wolembayo anawakwiyitsa, anakalipa monga mwa masiku onse, kenako anadikira kuti wina awatsutse.