Ntchafu ya Tambala wa Khirisimasi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anagwidwa ndi matenda a ulimi. Tinkakhala ku Chinsapo m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo kuseri kwake kunali kamalo koti mukayanika zovala za banja lonse, kadzadza. Kamalo kameneko bambo anakatcha famu. Sabata yonse ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni, koma likafika Loweruka ankavala gambutsi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kukhala pampando pansi pa mango, kumaloza uku ndi uku ndi kandodo. Iwo anali manejala. Antchito tinali ine Tadala ndi mng'ono wanga Yamikani.

Pa famupo panali nkhuku za mikolongwe zakuda bii, abakha awiri amene sanaikirepo dzira chibadwire, ndi mbuzi imodzi yomwe inatidanitsa ndi mzere wonse wa nyumba chifukwa chodya mpiru wa eni ake. M'mawa tisanapite kusukulu tinkasesa zitosi. Fungo lake nthawi yotentha ija, abale inu, linkalowa mpaka mu yunifolomu, moti m'kalasi anzanga ankasendera kutali. Tikaweruka, ulendo wa kuchigayo kukasaka gaga, kenako kumsika kukatolera mbuzi masamba a kabichi. Madzi ndiye anali nkhani ina. Mpopi wa pa kiyosiki unkangotulutsa mpweya tsiku lonse, ndipo ukati uyambe kudontha, mzere wa zidebe unali utafika kale kumsewu. Ndikafika nacho chidebe kunyumba khosi litauma, bambo ankati, "Ziyambe ziweto. Munthu amatha kupirira." Ife tinkasamba otsalawo.

Ntchito yonseyi, koma nyama ya nkhuku sitinkailawa. Ndiwo zathu zinali bonya lero, nyemba mawa. Ukangogwira dzira, mlandu. "Izi si zodya, ndi mbewu. Tikuchulukitsa," ankatero bambo. Ngakhale malume atabwera kuchokera ku Dowa, anadya nyemba nkhuku zikuwapondaponda m'mapazi. Amayi manyazi anawagwira mpaka anakabisala kukhitchini.

Chinkandilimbitsa mtima ndi lonjezo limodzi. Panali tambala wamkulu, wachifuwa chotakata, woyenda mwamatama kuposa bambo amene. Bambo ananena pamaso pa tonse kuti ameneyo tidzadya pa Khirisimasi, ndipo ntchafu imodzi idzakhala yanga ndekha. Chiyambire tsiku limenelo, ndikamathira madzi m'kabeseni kake ndinkangoyang'ana ntchafu ija, malovu ali mbwee m'kamwa.

Mu Novembala, mvula isanagwe, kunabwera chitopa. Chinayambira kwa a Nachisale, oyandikana nafe. Ku Chinsapo aliyense ankadziwa chochita: chitopa chikamveka, nkhuku zomwe zikadali bwino mumapha msanga n'kudya. Sabata imeneyo mzere wonse unanunkhira nkhuku yokazinga, kupatula nyumba ya famu.

"Bambo a Tadala, tiyeni tiphe zikadali zamoyo," anadandaula amayi. "Anawa adyeko thukuta lawo."

"Mayi, famu siyendetsedwa ndi mantha. Ndikagula katemera."

Katemerayo anaguladi, kabotolo kakang'ono koyenera kukhala pozizira. Iwo anakaika m'thumba la jekete, n'kukwera minibasi yodzadza, n'kudzera kaye kwa mnzawo ku Biwi kukamuphunzitsa kawetedwe kamakono. Pofika kunyumba kabotolo kanali katafunda ngati tiyi. Ine ndi Yamikani tinkagwira nkhuku imodziimodzi, bambo atavala magalasi akudontheza mankhwala m'maso mwake, nkhope ili ngati ya dokotala wamkulu.

Sipanapite nthawi, nkhuku zinayamba kusinza masana, mapiko atagwa, makosi akupindika. Amayi anayesa tsabola ndi phulusa m'madzi akumwa, koma ayi ndithu. Zinatha zonse, n'kutsala tambala yekha, akuyendabe ngati mwini Chinsapo. Ndinakagwada pafupi ndi mpando wa bambo misozi ili chuchuchu.

"Ababa, chonde, tingomupha lero. Pa Khirisimasi tidzadya nyemba, palibe kanthu."

"Iwe, ameneyu ndi wolimba," anayankha. "Ndiye amene adzadzutse famu."

M'mawa mwake ndinamupeza kuseri kwa bafa, miyendo ili m'mwamba, nyerere zitayamba kale ntchito. Nkhuku yofa yokha bambo analetsa kudya, ndipo pamenepo pokha ndimavomereza kuti ananena zoona. Anandipatsa khasu. Ndinakumba dzenje m'dothi louma gwa, ndikulira mokweza moti a Nachisale anabwera akuthamanga, chitenje chili m'manja, poganiza kuti kwathu kwagwa zovuta. Ntchafu imene ndinaisenzera madzi chilimwe chonse ndinaikwirira ndi manja anga. Zinandiwawa, ndipo sindinama, zimandiwawabe. Bambo anaimirira pambali pa dzenjelo n'kulengeza kuti famu yatolapo phunziro lalikulu, koma madzulo ake sanadye.

Masiku ano malo akuseri aja ku Chinsapo anamangamo nyumba za lendi, ndipo ana anga nkhuku amaidziwa ya mufiriji, yodulidwa kale m'pepala la pulasitiki. Bambo anapuma ntchito, ali kumudzi, amaweta nkhuku zachikuda zochepa chabe ndipo sazitcha dzina lililonse lapamwamba. Ndikapita kukawaona, ndikangotsika pa kabaza, moni asanathe n'komwe, amakuwira adzukulu awo kuti, "Gwirani yonenepayo! Musadikire mawa!" Pa nthawi ya chakudya amatola ntchafu zonse ziwiri n'kuika m'mbale yanga, maso akuyang'ana kwina. Nanenso sindikana.