Mpira unagwera pakati pathu

Enelesi, lero m'shopu ina pa Nkando ndapeza TV ikuonetsa tenesi ya azimayi, awiri uku awiri uku. Mmodzi ataphonya mpira, mnzake anam'gunda m'dzanja. Ndatuluka osagula shuga yemwe ndinadzera.

Ukukumbuka mpikisano uja pabwalo la kuesiteti, titabwereka zomenyera kwa akazi a manejala? Mpira womaliza unagwera pakati pathu, ine ndikusiyira iwe, iwe ukusiyira ine, ngati alendo opatsana ulemu pakhomo. Tinaluza. Misozi ikulengeza, unandigunda m'dzanja ndi zala zako zokhakhala chifukwa chothyola tiyi, n'kundiuza kuti, "Iwe, ulendo wina uzikuwa kuti wanga!" Patha chaka kuchokera pomwe tinakuika m'manda, ulendo winawo osafika. Dzanja ndimatambasulabe, mnzanga.