Ankhoswe a Mfuti

Kuno ku Glasgow unkhoswe umagwera aliyense amene wayamba imvi. Ine unandigwera chifukwa ndinaphunzira limodzi ndi mayi a mtsikana wina ku Ntcheu, ndipo pamene mwana wawo ankakwatiwa kuno panalibe malume kapena mchimwene woti n'kumuimirira. Ndinavomera, ndinasoketsa chovala, ndinakakhala kutsogolo m'tchalitchi. Mtsikanayo amanditchula kuti anti ngakhale magazi athu sakumana paliponse.

Mwamuna wake ndi injiniya, ndipo amakhala ku Shawlands. Ndi mnyamata woti akamakupatsa moni amagwira mkono ndi dzanja linalo, maso pansi. Kutchalitchi aliyense amamukonda. Ine ndinasiya kumukonda tsiku limene ndinaitanidwa kukamva mlandu wa chitseko cha kubafa, chimene anachithyola ndi phewa mkazi wake atadzitsekera m'katimo. Milandu yotere ndinaimva kangapo. Nthawi zonse ankagwada, kupepesa, kulira kumene, kenako amalume ake, omwe ndi nkhoswe wakuchimuna, n'kutseka ndi pemphero. Ine ndinkabwerera kwathu ku Maryhill pabasi mutu ukundiwawa.

Loweruka lina mwamuna uja anabwera kudzanditenga pagalimoto, akuti akandionetse kumene amakaphwetsera mtima masiku ano. Ndinaganiza kuti ndi kujimu. Tinatuluka m'tauni mpaka tinakaima pa chinyumba chachitali chopanda mawindo, chonga khola la nkhuku zamazira. Inali kalabu ya anthu owombera chandamale, ndipo tsiku limenelo ankalola alendo.

M'katimo munkanunkha oyilo ndi utsi. Anandiveka zotseka m'makutu n'kundikhazika pabenchi. Ndisawanamizire eni ake: ambiri anali azibambo achikulire, odekha, aliyense ndi fulasiki yake ya tiyi, ndipo mdala wina wandevu ankakalipira aliyense wogwira mfuti mosasamala ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Ankaboola timapepala, kukatitenga, n'kumationetsana. Ndinangoti dziko lino lili ndi anthu osowadi chochita.

Kenako mmodzi anatsegula chikwama chachitali, onse n'kusiya zimene ankachita. Munali mfuti yatsopano, yakuda bii, ya maonekedwe a zija amanyamula asilikali pa TV. Mkamwini wangayo anandinong'oneza kusiyana kwake. Mfuti zinazo ukawombera umayenera kukoka kachitsulo kuti chipolopolo china chilowe, koma iyi imadzilowetsera yokha, iwe ntchito yako n'kungokoka chala. Anati malamulo a kuno amalola mtundu umenewu ngati ukudya tizipolopolo tating'ono tokha. Ndinafunsa kuti nanga aiveka yunifomu ya nkhondo chifukwa chiyani ngati ntchito yake ndi kuboola mapepala. Anangoseka.

Ankapatsirana ngati khanda lobwera kumene kuchipatala. Wina anaitama kupepuka. Wina anati pulasitiki yachuluka, komanso imatsamwa ukaidyetsa zipolopolo zosalongosoka. Mwini wake anakwiya ngati amutukwanira mayi ake. Chimene anagwirizana onse n'choti sikupezeka. M'mashopu mulibe, ikafika kuchokera kunja imatha asanaitsitse n'komwe m'katoni, ndipo ena analembetsa Khirisimasi isanafike mpaka pano akudikirabe. Azibambo a zidzukulu zawo, kudandaulira chitsulo ngati mvula yakana kugwa. Zinandinyansa, koma sizinandiopse.

Chinandiopsa ndi mkamwini wanga. Atamubwereka, anagona chafufumimba, n'kukhuthula zipolopolo zonse osapumira, mpaka mdala wandevu uja anamugwira paphewa kuti achepetse moto. Anadzuka mano ali pamtunda, mitsempha ya m'khosi itaima. Anzakewo ankayang'ana pepala kuti walasa pati. Iye pepalalo sanaliyang'ane n'komwe, ankangosisita mfutiyo.

Nkhani yeniyeni anaitulutsa tili m'galimoto pobwerera.

"Anti, ndikufuna ndiapulaye laisensi, ndigule yangayanga. Ndiye apolisi akufuna ankhoswe awiri."

"Ankhoswe a chiyani?"

"Iwo amati ma referee. Anthu okudziwa bwino, osakhala achibale. Ndi unkhoswe womwewo, anti. Mungosaina, mwina akuimbirani foni kamodzi, basi yatha."

Mawu amenewo anachita kuwasankha. Akanati mboni, ndikanangomuuza kuti ndatanganidwa. Koma anati ankhoswe, podziwa kuti kwathu nkhoswe sathawa mwana wake, ndipo zimene wamva m'nyumba ya eni amazikwirira mumtima mpaka kumanda. Mzungu amene anakonza lamuloli amafuna munthu woti anene zoona ngati mwamunayu ndi wamtima wapachala, ngati kunyumba kwake kuli mtendere. Mnyamatayu anayang'ana Glasgow yense n'kupeza munthu mmodzi amene akudziwa yankho lenileni, ndipo anasankha yemweyo chifukwa mwambo unamumanga pakamwa. Kuchenjera kotereku kumandichititsa nseru kuposa uchitsiru.

"Tiona," ndinatero.

Mmalawi aliyense amadziwa tanthauzo la tiona. Titafika pamaloboti anati, "Anti, mukundikayikira?"

"Ndati tiona."

Ananditsitsa pakhomo mwaulemu wonse, mpaka kunditsegulira chitseko. Sanabwerezenso nkhaniyo. Patapita nthawi ndinamva kwa amayi anzanga akwaya kuti ankhoswe ake a mfuti anawapeza: mnzake wina wakuntchito, ndi mkulu wa mpingo wathu.

Mkuluyo ndinamupanikiza Lamlungu titaweruka, anthu akumwa tiyi m'holo. Ndi bambo waulemu wake, wa ntchito yapamwamba kubanki, ndipo za chitseko chija ankazidziwa chifukwa amalume a mnyamatayo anamuuza kuti azipempherera banjalo.

"Abambo, mwasainadi?"

"Amayi, ndi masewera chabe. Ena amapita kugofu."

"Apolisi atakuimbirani munawauza za kubafa zija?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Za m'banja sitipita nazo kwa azungu. Mukufuna mwana wathu achotsedwe ntchito? Mawa amuthamangitse m'dziko muno? Mnyamata uja analapa."

"Nanga mwana wamkaziyo si wathu?"

"Mulungu ndiye amasunga, amayi."

Ananena zimenezi akuviika bisiketi m'tiyi. Ndinayang'ana bisiketiyo ikufewa mpaka inaduka n'kugwera m'kapu, iye n'kuyamba kuivuula ndi supuni. Ndakhala ndikudya mgonero kuchokera m'manja mwa bambo ameneyu zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinanyansidwa naye moti ndinasiya tiyi wanga patebulo n'kutuluka.

Pakati pa sabata ndinakwera sitima kupita ku Shawlands, nthawi yoti mwamunayo ali kuntchito. Mtsikanayo ananditsegulira atavala juzi yaikulu, mwana ali kunazale. Anafuna kuteleka ketulo, ine ndinati asavutike. Ndinamufunsa ngati akudziwa za laisensi.

"Inatuluka, anti. Bwerani muone."

Ananditengera kuchipinda kwawo, kumene nkhoswe salowa wamba. M'wodilopu, mbali imene munkakhala madiresi ake, munali bokosi lachitsulo lalitali lofika m'chifuwa mwanga, lokhomeredwa kukhoma ndi mabawuti. Madiresiwo anali atawapinda m'sutikesi pansi pa bedi. Bokosilo linali lopanda kanthu. Anati mfutiyo sinafike, kushopu akungoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, ndipo mwamunayo amaimbako foni pafupipafupi, akamva kuti palibe tsikulo m'nyumba simuyankhulika. Makiyi a bokosilo mwamunayo amayenda nawo.

"Wapolisi anabwera kudzaona bokosili," anatero. "Anandifunsa pandekha kukhitchini ngati ndili ndi nkhawa iliyonse."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati palibe. Iwo anali pabalaza, chitseko chili chotsegula."

Ndinakhala pabedi. Ndiye kuti mpingo wasaina, apolisi asaina, mkazi wavomera, ndipo chokhacho chimene chikuteteza mwana wa mnzanga ndi kusowa kwa katundu m'shopu. Azibambo aja akulira kuti mfuti sikupezeka, ine ndinapezeka ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha sitima yapamadzi yochedwa.

Ndinamugwira dzanja. Ndinamuuza kuti unkhoswe wokwirira zinthu ndatopa nawo, amene akufuna kundinena kutchalitchi andinene. Laisensi imene yaperekedwa ikhoza kulandidwa, ndipo ine ndine wokonzeka kuimbira apolisi lero lomwe n'kuwauza zonse, kuyambira chitseko cha kubafa. Ndinamuuzanso kuti kwanga kuli chipinda, atenge mwana tizipita. Ndinali nditatulutsa kale foni m'chikwama.

Anaphimba foniyo ndi dzanja lake. Sanalire, ndipo sanakweze mawu.

"Kuchoka sindinakonzeke, anti. Ndipo mukaimba adziwa kuti ndi inu, palibenso wina angatero." Anayang'ana bokosi lija, kenako anayang'ana pilo wake. "Inu mukagona ku Maryhill. Ine ndigona pano."